Chubu, Chipewa ndi Chingwe

Kalekale, koma osati kale loti n'kusowa mboni, ku Bembeke m'boma la Dedza kunali mayi wina dzina lake Esinta. Mwamuna wake, Filimoni, ankapikula mbatata ya kachewere kwa alimi n'kumakagulitsa ku Lilongwe pa kalole kake kokalamba. Anali ndi ana awiri, Tamanda wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi Zaithwa wa zaka zinayi, ndipo wachitatu anali m'njira, pathupi pa miyezi isanu ndi iwiri. Esinta anali asanaionepo nyanja chibadwire. Ankangoimva kwa anzake a kutchalitchi, amene chaka chilichonse pa tsiku la anakubala ankapitako n'kubwerako atapserera ndi dzuwa, nkhani zake zosatha mpaka Khirisimasi.

Filimoni anali munthu wabwino, koma wolonjeza msanga. Zaka zitatu zotsatizana ankati tipita, ndipo zaka zitatu zotsatizana mbatata inkamutchingira njira.

"Amake Tamanda, chaka chino ndiye tipita," anatero. "Tinyamuka Loweruka, tibwerako Lamulungu."

"Ndamva, bambo a Tamanda," anayankha Esinta. "Ndidzakhulupirira phazi langa likadzanyowa."

Koma ulendo uno zinatheka. Ndipo inu mukudziwa kuti kwathu kuno ulendo subisika. Lisanathe tsiku, anthu atatu anali atadziitana okha.

Woyamba anali Edina, mlongo wake wa Filimoni, telala wa pamsika. Edina anali ndi mtima waukulu ndi mawu aakulu. Atamva za ulendowo anagula nsalu yathunthu ya mtundu wa lalanje, yokhala ndi zinanazi zobiriwira, nsalu yoti ukaiyang'ana nthawi yaitali maso amatuluka misozi. Anasokera banja lonse: amuna malaya, akazi madiresi ndi zitenje zake, Tamanda kadiresi kotakasuka, Zaithwa kakabudula ndi kachipewa kokhala ndi lamba wa pachibwano.

"Alamu, anthu akatiyesa a kwaya," anadandaula Esinta.

"Akatiyese. Kwaya yabwino imadziwika ndi yunifolomu," anatero Edina, mapini ali kukamwa.

Wachiwiri anali Yotamu, mchimwene wake wa Esinta, amene ankamata matayala m'mbali mwa msewu waukulu. Iyeyo madzi ankawadziwa a m'beseni momwe ankamiza machubu pofunafuna pobooka. Anabwera ndi pampu ndi machubu awiri a lole. Ina mwa machubuwo inali ndi zigamba khumi ndi chimodzi, ndipo chigamba chilichonse ankachidziwa mbiri yake.

"Ku nyanja ana a anthu olemera amasambira ndi zoterezi," anatero. "Ana a chemwali wanga asakangoonerera."

Wachitatu anali a Gelesomu, bambo ake a Filimoni, mkulu wa zaka makumi asanu ndi awiri amene moyo wake wonse anakumba zitsime. Iwowa sanabwere chifukwa chofuna kusangalala. Anati madzi akhala akuwasaka zaka makumi anayi, ndipo amawadziwa khalidwe lawo: akachepa amavuta, akachuluka amapha. Anakwera lole atanyamula zingwe ziwiri zazitali zotsikira m'chitsime, atazikulunga bwinobwino paphewa, ndipo palibe anawafunsa kuti n'zachiyani. Esinta ndi apongozi akewa ankalemekezana mwachikale. Sankakhala mphasa imodzi, sankayang'anana m'maso, ndipo mawu awo ankadutsira mwa Filimoni ngakhale onse ali pakhonde limodzi.

Loweruka m'mawa anatsetsereka msewu wa Khwekhwerere, Esinta kutsogolo ndi mimba yake, ena onse kumbuyo pa matiresi, mapoto a mpunga ndi nkhuku ali pakati, chigubu cha thobwa chili m'miyendo mwa Yotamu. Kuzizira kwa ku Dedza kunathera pa Golomoti. Pofika ku Salima majuzi onse anali atavulidwa, ndipo Zaithwa anali atafunsa kakhumi ngati afika.

Nyanja itaonekera, lole inaima. Esinta anatsika, navula nsapato, nayenda pa mchenga wotentha mpaka madzi anamunyambita zala. Anayang'ana kutsidya osakuona, ndipo misozi inalengeza m'maso mwake.

"Phazi lanyowa?" anafunsa Filimoni.

"Lanyowa, bambo a Tamanda. Zikomo."

Zaithwa anaima pambali pa mayi ake atagwira chitenje. Analoza chilumba chimene chinkaoneka patali pakati pa madzi.

"Amayi, phiri lija analiika m'madzi ndani?"

Pagombe panali khamu la anthu, zimkuzamawu zikugunda, ena akuvina, ena akuotcha nyama. A Gelesomu anati phokoso lotere silabwino, munthu akakuwa sangamveke. Choncho banjalo linapita kumapeto kwenikweni kwa gombe, pansi pa mtengo waukulu, kutali ndi anthu. Anayala mphasa, nadya, ana nakumba maenje mu mchenga. Tamanda anakwirira miyendo ya amalume ake, Zaithwa anatola zigoba za nkhono n'kudzaza chipewa, azakhali ake n'kumukhuthulira, n'kumumanganso chipewacho pachibwano molimba. Wogulitsa mafirizesi atadutsa, Zaithwa analira mpaka anamugulira, ndipo atamaliza analiranso kufuna ena.

Ana atati alowe m'madzi, a Gelesomu anaimirira. Anamasula zingwe zawo, namanga Tamanda m'chiuno ndi chimodzi, Zaithwa ndi chinacho, nsonga zake n'kuzikulunga pamtengo. Mfundo zake zinali zija za m'chitsime, zoti ngakhale ng'ombe singadule. Achinyamata ena odutsa anaima, nayamba kuseka, wina n'kutulutsa foni kuti ajambule. Tamanda anabisa nkhope. Esinta anamva manyazi akumukwera kuchokera kumapazi.

"Bambo a Tamanda," anatero motsitsa, koma moti zimveke, "auzeni bambo kuti ana anga si mbuzi."

Filimoni sanafunike kubwereza. A Gelesomu anamasula anawo, nakulunga zingwe zawo, nakakhala kuseri kwa mtengo atafulatira nyanja. Anali atakhumudwa, ndipo mkulu akakhumudwa safuna kuti muone nkhope yake.

Dzuwa litafika paliwombo, Filimoni anati akagule chambo kwa asodzi, akubwera pompano. Amene mumadziwa opikula mbatata mukudziwa kuti munthu wotere sagula nsomba asanatsutsane ndi mwini wake ola lathunthu. Esinta, ndi kulemedwa kwake ndi kutentha kuja, anatsamira chikwama namva tulo tikumunyengerera.

"Gonani, alamu, ana ndili nawo ine," anatero Edina.

Yotamu anapopa chubu ya zigamba ija, nakhazika Zaithwa pakati pake m'madzi ofika m'mawondo. Mwanayo anakolowekamo manja, miyendo ili lendelende, akuseka mpaka kutsamwa. Tamanda nayenso anafuna yake.

"Alamu, mumuone uyu, ndikapope inayo," anatero Yotamu akulowera ku lole.

"Eya," anayankha Edina. Koma maso ake anali pa foni. Kuwala kunali kwabwino, kadiresi ka Tamanda kankaoneka bwino pa mchenga, ndipo Edina ankafuna zithunzi zokaonetsa makasitomala ake. Tembenuka uku, gwira m'chiuno, sekerera. Tamanda ankazikonda zimenezo.

Pamenepo mphepo inasintha. Inayamba kuchokera kumtunda kulowera kunyanja, kamphepo kabwino koziziritsa thukuta, koti aliyense anakayamikira. Anthu a kunyanja amaidziwa mphepo imeneyo. A ku Bembeke aidziwira kuti?

Anadzutsa Esinta ndi mawu a Tamanda.

"Amayi, Zaithwa ali kuti?"

Esinta anadzuka ngati munthu wopanda pathupi. Pamene panali mwana panali madzi okhaokha. Tsono tamverani cholakwa cha anthu a kumapiri: mwana akasowa, ife timathamangira kumsewu, kumsika, kwa aneba. Onse anakumbukira mafirizesi aja, onse anati watsatira wogulitsa uja. Yotamu ataona kuti chubu palibe anati ana a m'mudzimo aitenga. Anathamangira ku khamu kuja, kuzimbudzi, koimika magalimoto, akuitana dzina limene zimkuzamawu zinkalimeza. A Gelesomu anazungulira mitengo yonse ndi kusuzumira pansi pa lole. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana kunyanja.

Atabwerera pamtengo paja chimanjamanja, Esinta anagwada pa mchenga, manja ali pamimba, nalankhula mawu amene onse anawamva.

"Mulungu ndi mboni yanga. Amene andibwezere mwana wanga, uyu ali m'mimbayu ndi wake. Adzamulandira m'manja ndi iye, adzamutcha dzina ndi iye."

Sanalankhule kuti akope munthu. Analibe china choti n'kupereka, ndiye anapereka chimene anali nacho.

Edina sanalire. Anakwinya diresi lake, nakwera pa tayala, nakwera pa bodi, mpaka padenga la lole, mayi wathupi lake ndithu. Anaphimba maso ndi dzanja. Maso amenewo anali ozolowera kulowetsa ulusi wakuda pa singano madzulo magetsi atazima. Anayang'ana khamu, mutu ndi mutu, osapeza kanthu. Kenako anatembenukira kumene wina aliyense sanayang'ane. Patali, pomwe madzi ankathwanima mpaka kupweteka maso, panali kadontho.

"Uyo," anatero.

Bambo wina amene anabwera kudzathandiza anayang'ana nati ndi chigubu cha asodzi, amamangirira ku maukonde. Wina anati ndi jumbo youluka.

"Jumbo ilibe zinanazi," anatero Edina. "Nsalu imeneyo ndinadula ndine. Icho ndi chipewa, ndipo pansi pake pali mwana."

Maboti awiri a pagombepo anali atapita ku chilumba ndi alendo. Asodzi ndi mabwato awo anali kutali, komwe Filimoni ankatsutsana nawo za chambo. Anthu amene anasonkhana anali a m'tauni, odziwa kusambira m'madzi ofika m'chiuno. Aliyense ankauza mnzake choti achite.

Koma Yotamu anatenga chubu yachiwiri ija, natola zivundikiro ziwiri za mapoto a mpunga. Munthu ameneyu sankadziwa kusambira ngakhale pang'ono. M'mawa womwewo funde litamugunda m'mawondo anathawira kumtunda ana akumuseka. Anagona chafufumimba pa chubu, nayang'ana mlongo wake.

"Chemwali, chubu ija ndinamata ndine. Siphwa. Undidikire."

Asananyamuke, dzanja linagwira chubu yake. Anali a Gelesomu. Anapisa chingwe, namanga mfundo imodzi pa chubu, ina m'chiuno mwa Yotamu, nalumikiza chingwe chachiwiri ku choyamba. Sanafulumire, ndipo anthu ankawakalipira kuti akuchedwetsa.

"Wotsika m'chitsime samangidwa mothamanga," anatero. "Pita tsopano. Ukamugwira, ukweze dzanja."

Yotamu anapalasa ndi zivundikiro zija. Poyamba chubu inkangozungulira pamodzimodzi, ndipo pakanakhala tsiku lina anthu akanagwa ndi phwete. Kenako anaipeza njira yake, mphepo nayo n'kumukankha. Madzi pansi pake anasintha, anachoka poyera n'kukhala obiriwira, kenako akuda. Iye anasiya kuyang'ana pansi. Edina ali padenga la lole ankamuwongolera ndi chitenje, kumanja, kumanzere, chifukwa mafunde ankamubisira mwanayo.

Pagombe chingwe chinkatha m'manja mwa a Gelesomu. Choyamba chinapita, chachiwiri chinapita, ndipo Yotamu anali asanafike. Mkuluyo anakulunga nsonga padzanja nalowa m'madzi ndi nsapato zomwe. Anafika m'mawondo, m'chiuno, pachifuwa. Esinta anavula chitenje chake chakunja, Edina anaponya chake, amayi ena awiri anapereka zawo, ndipo a Gelesomu anazilumikiza ali m'madzi momwemo. Nazonso zinatha. Analowabe mpaka madzi anafika m'khosi, chibwano chili m'mwamba, zala za kumapazi zikukumba mchenga.

Kutsogolo kuja Zaithwa anali atatopa. Chubu ya lole ndi yaikulu, ndipo timanja ta mwana wa zaka zinayi sitingaikumbatire mpaka kalekale. Ataona amalume ake anasangalala, nakweza manja onse awiri kuti amunyamule, ndipo pompo anatsetserekera m'bowo la pakati n'kumira. Yotamu anataya zivundikiro, nazika mutu ndi mapewa m'madzi amene ankawaopa aja, napapasa mumdima. Zala zake zinakola nsalu. Anakoka mwanayo ndi kakabudula, thupi lonse likulendewera pa msoko umodzi, ndipo msokowo sunathothoke. Anamugoneka pamsana pa chubu, mwanayo anasanza madzi, nalira. Yotamu anakweza dzanja.

Kupita kunali ndi mphepo, kubwera kunali kolimbana nayo. Zopalasira zinali zitamira. Anthu awiri ndi chubu anatsala pa chingwe chokha, ndipo chingwecho chinkakokera mkulu wa zaka makumi asanu ndi awiri kumadzi akuya. A Gelesomu anamwa madzi kamodzi, kawiri, osasiya. Pamenepo Esinta, amene chikwatiwire sanayandikirepo apongozi ake, analowa m'nyanja ndi mimba yake, nawagwira lamba wa thalauza kumbuyo ndi manja onse awiri.

"Kokani, bambo. Ndakugwirani."

Edina anatsika pa lole nagwira Esinta, bambo wa chigubu uja anagwira Edina, ndipo mzere unafika mpaka kumtunda. Koma chingwe chenichenicho chinali m'manja mwa mmodzi, amene ankadziwa pokoka ndi popumira kuti mfundo zisamasuke. Dzanja ndi dzanja, monga ankatulutsira anthu m'zitsime, anabwerera chafutambuyo. Chingwe chinawasenda zikhatho mpaka chinafiira. Chubu itakhudza mchenga, Zaithwa anatsika yekha, nathamanga ndi miyendo yake kukagwera mwa mayi ake, chipewa chikadali pamutu.

Filimoni anafika nthawi imeneyo, chambo zinayi zili pa kamtengo, nkhope ikuwala.

"Anayamba ndi mtengo wokwera, koma ndawatsitsa," anatero. Kenako anaona banja lake lonse lili chonyowa, bambo ake atagona chagada pa mchenga, mlamu wake akusanza, ndipo nsomba zinagwa pansi.

Anagona komweko monga anapangira, ndipo Lamulungu m'mawa ana anaseweranso m'mphepete mwa madzi. Ulendo uno anawamanga zingwe ndi Esinta mwini wake, ndipo woseka anamuyang'ana mpaka anasiya. Panjira yobwerera Zaithwa anagona pamiyendo pa agogo ake, mutu pa amalume ake, azakhali ake akumukupiza ndi chipewa.

Miyezi iwiri itatha Esinta anachira, mwana wamkazi. Kuchipatala anamwino anafunsa dzina loti alembe pa khadi, iye anati asiye kaye malowo. Anabwerera kunyumba, nakhala m'chikuta kudikira mchombo ugwe. Ndipo masiku amenewo, mwana akuyamwa, mtima wa Esinta sunapume, chifukwa ankadziwa zimene aliyense mwa atatuwo anasunga mumtima.

Tamanda anamutcha dzina ndi malemu amayi ake a Filimoni. Zaithwa anamutcha ndi amayi ake a Esinta, amene anamwalira chaka chotsatira. Mwa atatu aja panalibe amene anatchapo mwana dzina, ndipo Esinta anali atauzidwa kuchipatala kuti uyu akhale womaliza.

Edina anakhala pabanja zaka khumi ndi chimodzi osaona mwana, mpaka banjalo linatha. Anasokera makanda a Bembeke yense, koma pa tsiku lotcha dzina anthu ankamudumpha mwaulemu, ngati sakumuona. Sabata imeneyo anabweretsa kadiresi koyera. Esinta pokapinda anamva kanthu kokhakhala mkati mwa kolala, ndipo anazindikira kuti pali dzina lopetedwa kale ndi ulusi, lobisidwa ndi kansalu kosokerera pamwamba. Sanakachotse. Analira yekha.

Yotamu ndiye anamubereka Esinta kumsana ali khanda, amayi awo ali kudimba. Chichokereni kunyanja khutu lake limodzi silinkamva bwino, koma sanadandaulepo. Ataona khandalo koyamba anati, "Chemwali, mphumi iyi ndi ya amayi." Esinta anamva kuti mchimwene wake akufuna dzina la mayi awo limvekenso pabwalo, ana akamaitanana.

A Gelesomu sanakumbenso chitsime. Zala ziwiri za dzanja lamanja zinakana kupinda, ndipo chifuwa chimene anachitenga m'madzi muja sichinawasiye. Iwo sanapemphe kanthu. Koma m'mawa uliwonse ankabwera kudzakhala pakhonde, ndipo tsopano ankalankhula ndi Esinta mwachindunji pazenera, kumufunsa kuti, "Mwana wanga, mlendoyo wagona bwanji?" Tamanda anawapeza tsiku lina kuseri kwa nkhokwe akuyeserera kunyamula mtolo wa nsanza ndi dzanja lopuwala lija, kuti tsikulo likadzafika asadzagwetse mwana wa eni.

Mchombo unagwa. Anasesa pabwalo, anayala mphasa, abale ndi aneba anasonkhana. Atatu aja anakhala kutsogolo, Edina ndi kadiresi kake, Yotamu ndi beseni latsopano ndi tambala, a Gelesomu atavala jekete imene ankaisungira maukwati. Esinta anatuluka ndi mwana, naima pakhomo.

"Ndinalonjeza pamaso pa Mulungu," anatero, "ndipo nonse munamva. Ndithandizeni. Anandibwezera Zaithwa ndani?"

Poyamba aliyense ankakankhira mnzake mwaulemu, monga timachitira ndi nyama yomaliza m'mbale. Koma ulemuwo sunakhalitse.

"Ine sindikulimbira," anatero Edina, "koma pakanapanda chipewa changa ndi diso langa, bwenzi mpaka lero tikumufunafuna kwa ogulitsa mafirizesi. Ndipo kabudula uja akanasoka wina, achimwene awa akanatsala ndi nsanza m'manja."

"Zoona, alamu," anatero Yotamu, "koma diso silimira. Ine ndinapita pomwe phazi silifika pansi, osadziwa kusambira. Mwana atamira panali dzanja limodzi lokha pafupi. Ndipo chubu yanga inamusunga nthawi yonse imene ife tinkathamangira kuzimbudzi."

"Inamusunga, itamutenga kaye," anatero Edina.

"Itamutenga inu mukujambula."

Anthu anaseka, awiriwo nawonso anaseka, koma maso a Edina anali atafiira. Kenako onse anayang'ana a Gelesomu. Mkuluyo anakhosomola nthawi yaitali.

"Ine ndinafulatira nyanja chifukwa cha mkwiyo," anatero. "Ndikanayang'ana kutsogolo, bwenzi zonsezi kulibe. Chimenecho ndidzafa nacho. Koma mwana wanga, iwe sunati amene amuone, sunati amene amufikire. Unati amene akubwezere. Pakanapanda chingwe, Yotamu ndi mwanayo akanakafika ku Mozambiki."

Filimoni, pofuna mtendere, anati mwana apatsidwe mayina atatu, papepala malo alipo. Anawonjezanso, motsitsa, kuti chambo zija anazipeza pa mtengo wabwino.

"Mayina atatu angalembedwe, bambo a Tamanda," anatero Esinta, "koma mwana amaitanidwa ndi limodzi, enawo amagona m'chikwama. Ndipo manja oyamba kumulandira ndi a munthu mmodzi. Sindinalonjeze chidutswa."

Mayi wina wachikulire anati afunse mwini nkhani. Anamuitana Zaithwa, amene ankakumba dzenje kuseri kwa nyumba, chipewa cha lalanje chija chili pamutu ngakhale chinali chitayamba kumuthina. Esinta anawerama.

"Zaithwa, tsiku lija kunyanja, anakupulumutsa ndani?"

Mwanayo anayang'ana azakhali ake, amalume ake, agogo ake, nakwinya nkhope.

"Sanandipulumutse," anatero. "Anandibweza. Ine ndimapita kuphiri lija."

Anathamanga kubwerera ku dzenje lake, anthu akugwa ndi kuseka. Esinta yekha ndiye sanaseke. Iye ankadziwa chimene sanachinene pagulu, kuti mwanayo anali womangidwa bwinobwino mpaka pamene mayi ake anachita manyazi ndi achinyamata odutsa. Atatuwa anakonza chimene iye anaononga, ndipo tsopano anayenera kusangalatsa mmodzi n'kubweza awiri chimanjamanja, anthu oti onse ankawakonda.

Khanda linayamba kutakataka. Dzuwa linkakwera, ndipo mwana sangabwerere m'nyumba wopanda dzina. Esinta anayenda mpaka pamphasa, nagwada. Patsogolo pake panatambasuka manja a anthu atatu: a Edina, nsonga za zala zili zibowozibowo ndi singano, a Yotamu, akuda ndi guluu amene sopo anamulephera kalekale, ndi a Gelesomu, okhala ndi zipsera ziwiri zoyera zodutsa pakati pa zikhatho.

Ine nkhaniyi ndaifikitsa pamenepa, ndipo Esinta ndamusiya chigwadire. Wina anaona, wina anapita, wina anakoka, ndipo aliyense analakwapo. Tsono inu amene mwamva, mukanakhala Esinta, mwanayo mukanamuika m'manja mwa ndani?